Nshawa zanga zinapita ku Mlolo panjinga

Mwana wanga wamkazi atakwatiwa ndinagwada n'kuyamika Mulungu. Mwamuna wake anachokera ku Mlolo, n'kudzakhala kwathu kuno ku Zemba pachikamwini. Anamanga nyumba ya njerwa pamalo amene ndinawalozera, kuseri kwa khola langa la mbuzi. Anali munthu wodziwa ntchito zamanja. Njinga yanga ikawonongeka, ndinkangoipeza yatsamira pakhoma ili bwinobwino, osandiuza n'komwe kuti wakonza ndani.

Koma ine ndi iye sitinkalankhulana maso ndi maso. Kwathu mayi ndi mkamwini wake amapewana, ndiwo ulemu. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'thengo. Akafuna kundiuza kanthu ankakhala pakhonde atayang'ana kumbali, n'kumauza mwana wanga kuti, "Uwauze amayi," ine ndili pomwepo ndikuswa nshawa. Nanenso ndinkayankhira mwa mwanayo.

Chaka chimene mapolo a malaiti anafika pasukulu yathu, nshawa zinabereka m'munda mwanga kuposa zaka zonse. Ndinaganiza kuti ndizigulitse, tikoke waya kulowa m'nyumba ya mwana wanga, kuti azitchajira anthu mafoni, azipeza ya sopo ndi mchere osadikira kupempha. Nditanena maganizo amenewa, mkamwini anakhala pakhonde paja.

"Uwauze amayi kuti waya ndi ng'ombe yosalima, yongodya. Kukoka kokhako n'kodula. Ukamaliza, ulipire woika mawaya m'nyumba. Ukamaliza, mayunitsi mwezi ndi mwezi mpaka kumanda."

"Uwafunse," ndinatero ine, "nanga makandulo ndi mabatire a tochi tikugulawa, ndi aulere?"

"Amenewo ndiye kuyatsa ndalama ndi machesi. Jenereta nayo ndi chidakwa, singayimbe isanamwe."

"Nanga malaiti a mphepo amanena pa wailesi aja?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Uwauze amayi kuti mphepo ya kuno imalima nthawi ya masika yokha, miyezi ina ili kumowa. Tigule sola. Timalipira kamodzi basi. Dzuwa silinatumepo munthu kudzatolera msonkho."

Ndinaseka nditaphimba pakamwa ndi chitenje. Mawu a dzuwawo anandilowa mumtima, chifukwa ndinaganiza kuti zoonadi, chimene Mulungu amatipatsa m'mawa uliwonse, tichisiyirenji n'kumakagula kwa anthu? Ndinatsegula nkhokwe. Matumba anakwera pangolo, iye n'kupita nawo ku boma, ndipo anabwera ndi sola yaikulu, batire ndi mababu.

Sindinganame, zimene ananena zinaoneka. Chaka cha chilala malaiti a waya ankathima nthawi yaitali, aphunzitsi enieniwo n'kumabwera kwathu mafoni ali m'manja. Anthu ankachokera ku Pembamoyo panjinga. Patebulo la mwana wanga mafoni ankandandalika ngati nsomba zoyanika. Mkamwini anagulira ana awo mayunifomu, anandigulira ine nsapato za kutchalitchi. Kumapemphero a amayi ndinaimirira n'kuchitira umboni kuti Ambuye sanandipatse mwana wamwamuna wobereka ndekha, koma anandipatsa wina kudzera pakhomo. Amayi anaomba m'manja. Mayi wina anati, "Tibwerekeniko mkamwini wanuyo sabata imodzi, wathu amangodziwa bawo."

Kenako maulendo a mkamwini opita ku Mlolo anachuluka. Poyamba ankati amayi ake akudwala. Mayi amenewo ndinakumana nawo pamaliro ali ojintcha, akuyimba kuposa tonse. Mphekesera zinayamba kumveka za mkazi wina wa kagolosale kumeneko. Mwana wanga anaonda, ndipo ine ndinkangopemphera.

Tsiku lina masana ndikuchokera kudimba ndinapeza makwerero atatsamira panyumba yawo. Mkamwini anali padenga ndi sipanala. Batire linali kale pakaliyala ya njinga, litamangidwa ndi mphira. Mwana wanga anakhala pansi, miyendo atatambasula, ngati wofedwa.

"Uwafunse akuchita chiyani," ndinatero.

"Afunseni nokha amayi. Ine ndatopa kunyamula mawu."

Ndinatula dengu. Chikwatiriro cha mwana wanga ndinali ndisanamuyang'anepo munthu ameneyu kumaso. Ndinakweza mutu.

"Apongozi, tsikani tikambe. Nshawa zija zinali zanga. Ndinapereka kunyumba ino, kwa ana anu omwewa."

Anapitiriza kumasula sola. Atatha anatsika nayo pang'onopang'ono, ataikumbatira ngati khanda, n'kuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse.

"Uwauze amayi kuti nyumba ndasiya. Malata ndasiya, chitseko ndasiya. Mkamwini sanyamula njerwa, ndikudziwa. Koma ichi ndinakagula ndine."

Ulemu uja ndinkanyadira uja ndi umene anabisalamo. Anamanga sola pamwamba pa batire, n'kukankha njinga chifukwa kukwera sikukanatheka. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota pachulu. Pamenepo mpamene ndinazindikira chinthu chimodzi chimene sanachitchule tsiku lija poyerekeza mitengo. Waya ukalowa m'khoma la nyumba ya kuchikamwini, watsala pamenepo, ndi wa mkazi ndi ana. Sola imamasuka. Kaya anaganiza zimenezi kuyambira pakhonde paja, kaya zinamubwerera pambuyo, akudziwa ndi Mulungu. Ine chimandiwawa n'chakuti ndinaseka naye.

Ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa mango: mchimwene wanga mbali yathu, amalume ake a mkamwini mbali yawo. Ndinafotokoza zonse.

"Mayi," anatero amalume akewo mofatsa, "kodi mwana wathu anakuuzani inu kuti solayo ndi ya pakhomo pano?"

"Ndinamva zonse ndi makutu angawa."

"Ndafunsa kuti anauza inu?"

"Anauza mwana wanga. Mukudziwa mwambo."

"Eya. Ndiye kuti inu ndi iye simunapanganepo kanthu. Zimene amakambirana mwamuna ndi mkazi wake, lero ayambana, aliyense anena zake. Ndipo m'munda wa nshawamo mwana wathu sanalimemo?"

Analimamo, sindikanakana. Mchimwene wanga anakanda m'mutu n'kuyang'ana pansi. Anagwirizana kuti nyumba ikhale ya ana, za sola tiiwale. Amalume aja potsanzika anandiyamikira kuti ndinamusunga bwino mwana wawo.

Mababu akadali lende m'nyumbamo. Ndimamutchulabe m'pemphero chifukwa ndi bambo wa adzukulu anga, koma ndikafika pa iye lilime limalemera, ndipo ndimawauza Ambuye kuti andidikire pang'ono.

Mvula yoyamba itagwa tinapeza kuti mabowo a mabawuti a sola ija akudontha, madzi akugwera pamphasa ya ana. Kutacha tinasungunula phula m'chitini, mwana wanga n'kukwera padenga, ine nditagwira makwerero. Tili pomwepo panafika mayi wina wa ku Pembamoyo amene sanamve nkhaniyi, foni ili m'manja.

"Odi kuno! Muli kutchaja lero?"

"Pitani ku Mlolo," anayankha mwana wanga ali padengapo. "Mukapeza kagolosale kowala. Mukapereke moni, ndi nshawa za amayi zimenezo."

Mayiyo anayang'ana ine, n'kubweza foni m'chitenje.

"Amayi, gwirani bwino, makwerero akuterera."

"Ndagwira, mwana wanga. Mata."