Mbuzi za a Chavula, Mpanda Wanga

Ine Zainaba, mkazi wa Salumu wa golosale ya ku Msongwe kuno ku Mzuzu, sindipusitsika wamba. Ndinakulira pamsika wa Ntaja, komwe wogulitsa akakusekerera umayamba wagwira chikwama. Koma alipo munthu mmodzi yemwe anandipusitsa dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero ndimamupatsa moni. Dzina lake ndi a Overtoun Chavula.

Pomwe tinkagula poloti yathu, kuno kunali tchire, nyumba ili apa ina ili uko. Tikukumba maziko kunatulukira bambo wamfupi, wa jombo zamphira, atasenza timitengo m'beseni.

"Monire amama! Ndine neba wanu. Kuno mlendo sitimulandira chimanjamanja. Bzalani izi m'malire, mukhala ndi mpanda wokongola chomene."

M'beseni muja munali lukina, mabulosi ndi kamtengo kena komwe iwo amati mtetezga, kwathu timati ombwe. Ndinathokoza mpaka kugwada. Ndinauzanso Salumu kuti anthu a kumpoto ndi a mtima wabwino, kwathu kulibe wotere.

Mpanda utakula, a Chavula anayamba kubwera ndi chikwanje kudzausadza, ulere. Akamaliza ankamanga nthambi zonse m'mitolo n'kusenza, ati kuti zisandidetsere pabwalo. Ine wopusa ndinkawathirira tiyi, mandasi pambali. Ndipo si kwa ine ndekha ayi. Aliyense wogula poloti kuno ankalandira beseni lakelo, kenako chikwanje.

Tsiku lina ndinapita kwawo kukagula mazira. Abale inu! Ndinapeza mpanda wanga uli lendelende m'khola, mbuzi zikuupulula.

"Adada Chavula, si mpanda wanga uwu?"

"Yayi amama, wanu uli kwanu. Izi ndi zinyalala, munandipatsa nokha."

Anayankha nkhope ili gwa, ngati munthu yemwe akuwerenga Mawu kutchalitchi. Ndinapsa mtima, koma mazira ndinagula.

A Chavula poyamba anali mlonda pakampani ina ya matabwa. Atapuma anagula mbuzi ziwiri, ndipo imodzi inafa itabayidwa jakisoni ndi munthu wina woyendayenda ndi chikwama cha mankhwala. Kuyambira pamenepo analumbira kuti chiweto chawo sichidzalawanso za m'botolo. Khola anamanga lam'mwamba, pansi pake pokhala ndi mipata kuti ndowe zizigwa, nkhuku zizipalasa m'munsimo. Mbuzi zawo sizidyera pansi, ndiye chifukwa chake amapachika mitolo ija. Udzu wa mame safuna n'kuumva komwe, amati njoka za m'mimba zimakwera pamenepo. Nanga Mzuzu muno mame amatha liti? Njere za papaya amasinja n'kusakaniza ndi madeya kuti ziphe njokazo. Ombwe amasinja, n'kuviika m'madzi, n'kusambitsa mbuzi kuti nkhupakupa zithothoke. Nkhuku za utitiri amazithira phulusa mpaka zimatuluka zotuwa ngati zachokera kuchigayo. Ndikagula papaya pamsika, munthuyo amandifunsa njere asanandifunse za ana.

Zoona zake n'zakuti nyama ya mbuzi zawo ilibe inzake. Pa Idi yozinga mbuzi, ife Asilamu a kuno tinkayamba kwa a Chavula tisanapite kwina.

Kenako tauni inatipeza. Ana a kuyunivesite anachuluka, malo ogona n'kuchepa, ndipo aliyense wokhala ndi kabwalo anayamba kumanga timazipinda ta lendi. Dambo lomwe a Chavula ankamwetako udzu linasanduka mapoloti. Yemwe anayambitsa za makoma ndi Hudson, mwamuna wa magalimoto yemwe anagula nyumba yoyang'anana ndi yathu. Anati atsikana a sukulu safuna mpanda woonekera mkati. Anazula lukina yense, n'kumanga khoma la njerwa, pamwamba mabotolo osweka. Anzake ataona anatengera. Khoma lililonse likamakwera, mbuzi za a Chavula zinkachepa, chifukwa ankagulitsa zomwe sakanatha kudyetsa. Patapita zaka, mpanda wautali wotsala mumsewu wathu unali wanga wokha, ndipo khola lonse linkadalira umenewo.

Ndiye Salumu naye anadwala matenda a khoma. Lole inadzatsitsa njerwa pageti pathu kutatsala pang'ono Idi. A Chavula anadutsa, anaziyang'ana njerwazo. Munthu woti sadutsa osaseka, tsiku limenelo anangoti "yewo" n'kupitirira.

M'mawa mwake anabwera atavala jekete, chikwanje palibe. Kuchingwe anali atakoka Rejoice, mbuzi yaikazi yomwe inabereka pafupifupi khola lonse. Imeneyo anthu anayesapo kuigula kambirimbiri, iwo ankati bola agulitse njinga.

"Amama, Idi yayandikira. Tengani iyi. Zotsalazo ndipititsa kumsika mwezi ukatha."

"Mukuti chiyani, adada? Rejoice?"

"Idya chiyani? Njerwa?"

Mtima unandiwawa, sindinama. Nditaigwira mbuziyo pamimba ndinamva kuti ili ndi bere, lalikulu ndithu.

"Iyi sitingaizinge, ili ndi bere. Bwererani nayo."

"Ndiye ikaberekera kwa a butchala," anatero, n'kutembenuka pang'onopang'ono.

Aaa, zimenezo zinandikwana. Ndinalowa m'golosale momwe Salumu ankayeza shuga, ndipo ndinayankhula mpaka makasitomala anatuluka okha. Ndinati khoma mumange, koma mpanda wanga suzulidwa. Amisiri alowe mkati, asiye mpanda kunja. Salumu anati tikutaya malo a chipinda chathunthu cha lendi chifukwa cha mbuzi za eni. Ndinati chipindacho mukagonamo ndinu mukapitiriza. Mwamuna wanga ndi wanzeru, amadziwa pomwe mkangano wathera.

Khoma linamangidwa mkati. Bwalo langa linachepa moti zovala ndimayanika mopingasa, ndipo Hudson amandiseka kuti ndine ndekha mu Mzuzu yemwe ndinamangira mpanda mpanda unzake. Rejoice anabereka mapasa.

Tsiku lina tikudya, Salumu anaika supuni pansi n'kuyamba kuseka yekha.

"Zainaba, a Chavula atigulitsa mbuzi za Idi zaka zonsezi. Ndi kangati anatibweretsera ya bere?"

"Sanayambe."

"Nanga amene anatiuza chaka chija kuti ya bere musatenge, mwambo wanu sulola, ndani?"

Anali a Chavula omwewo! Munthu ali ndi atonde awiri onenepa m'khola, n'kusankha mbuzi yokhayo yomwe ankadziwa kuti sindingagule! Jekete lija, kuyenda kwa pamaliro kuja! Ndinamanga chitenje n'kutuluka, mawu nditawakonza kale.

Sindinafike n'kwawo komwe. Ndinawapeza atanyonyomala kuseri kwa khoma langa, m'kampata ka pakati pa njerwa ndi mpanda, akubzala nsenjere.

"Malo asagone, amama," anatero osadzuka.

"Adada Chavula, ndinu tambwali! Munadziwa kuti ya bere sindigula. Munabwera kudzandisewera ngati mwana!"

Anapukuta manja pabuluku, n'kundiyang'ana. Ndinkadikira bodza lina lokoma, koma nkhope yawo inalibe nthabwala.

"Nadi, amama, ndinadziwa. Ndikanabwera ndi tonde mukanagula, mukanandilipira bwino, ndipo tikanasiyana mwaulemu. Mwezi ukutha khola likanakhala lopanda kanthu. Kupempha sindidziwa, amama. Ndimadziwa mbuzi basi."

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana bambo wokalamba, mawondo ali matope, m'kampata kosakwana n'wilibala yomwe. Ndinawauza kuti nsenjere zawozo zisafike pageti panga.