Makeke Opanda Shuga a Mai Masikono

Mai Masikono adayamba kuphika makeke ali mtsikana, koma sikelo sadayigwirepo. Muyezo wawo ndi diso komanso kapu yothyoka chogwirira. Chitseko cha uvuni amachichirikiza ndi njerwa. M'mawa uliwonse amasenza thireyi kupita pageti la maofesi ena, pomwe azimayi a nsapato za gogoda amawadikira ngati ana asukulu pa buleki.

Zidayamba kuvuta pomwe m'maofesimo mudalowa mphepo yochepetsa thupi. Woyambitsa adali Asekilitale, mayi wa mawu aakulu wosunga makiyi a bwana. Iwo akanena, ofesi yonse imangoti inde.

"Mai, shuga ndi poizoni," adatero Asekilitale, atagwira botolo la madzi a mandimu. "Ife tasiya."

Thireyi idabwerera yodzaza. Mawa lake chimodzimodzi. Kunyumba ana adadya makekewo mpaka adayamba kuthawira kwa aneba akamva fungo. Mai Masikono adaona kuti geti lija likuwapulumuka, chonsecho ndi lomwe limadyetsa banja, poti bambo akunyumba ntchito yawo ndi kukonza wailesi imodzi yomweyo chaka chonse.

Shuga woyera adamuchotsadi. M'malo mwake adathira wabulawuni, wonyowa uja womata pasupuni, kapu yodzaza mpaka kutayikira. Adawonjeza uchi ndi nthochi zakupsa kwambiri zomwe wogulitsa adatsala pang'ono kutaya. Makeke adatuluka oderako, ofewa, onunkhira mpaka kumsewu.

"Mayi a ana, izitu zikutsekemera kuposa kale," adatero bambo akunyambita mpeni.

"Woyera mwamuonamo? Ndiye khalani chete, kakonzeni wailesi yanu."

Pageti adavundukula nsalu mwaulemu. "Achemwali, ndakumverani. Awa ndi opanda shuga uja."

Asekilitale adanyema kachidutswa, n'kutafuna atatsinzina. "Mwauona mtundu wake, atsikana? Zachilengedwe zimada chonchi."

Basi, thireyi idayamba kutha dzuwa lisanakwere. Amene ankagula imodzi adayamba kudzaza kachikwama, poti tsopano anali mankhwala. Ankamwera tiyi wopanda shuga, nkhope zili ndwii, kwinaku akumvera chisoni azibambo odya mabanzi wamba. Posakhalitsa masiketi adayamba kukana. Telala wapakona adayamba kupatsa moni Mai Masikono atavula chipewa. Kenako zipi ya Asekilitale idaphulika pamsonkhano, ali chiwerame kuthirira bwana tiyi.

M'mawa mwake Asekilitale adafika pageti atamanga juzi m'chiuno.

"Mai, nenani zoona. Mumathiramo chiyani?"

"Wabulawuni, uchi, nthochi."

"Nanga wabulawuniyo si shuga?"

"Inu mumati ndi dothi, achemwali? Lilime lanu lomwe silidakuuzeni?"

"Musandiyankhe choncho! Mawa tikufuna opanda chilichonse. Apo ayi, pageti pano musadzapondenso."

Mai Masikono adapita kunyumba mkwiyo ndi mantha zitasakanikirana. Adakanda ufa, mazira, mkaka ndi zotupitsa, osathira ngakhale kambewu kamodzi ka shuga. Makeke adatuluka otuwa ngati zidendene za m'chilimwe. Galu adanunkhiza kamodzi n'kukagona kuseri kwa nyumba.

Azimayi aja adagula ndithu, chifukwa Asekilitale anali kuyang'ana. Adaluma, adatafuna, adatafunabe. Wina adati ndi okoma mwa mtundu wina. Wina adakulunga m'pepala, ati akadyera kunyumba ndi ana. Mlonda wapageti yekha ndiye ankadziwa mmene bini idalemerera. Masiku otsatira azimayi ankadutsa mothamanga, foni ili kukhutu ngakhale sidalire.

Tsiku lina Asekilitale adalawirira anzawo asanafike. Adayang'ana uku ndi uku, mawu aakulu aja atawasiya kunyumba.

"Mai, akuda aja mudasiyiratu?"

"Ati? A shuga aja?"

"Aaa, musamatchule! Inu muzingobwera nawo, muzinena mmene munkanenera muja. Ife zofunsa tasiya."

Mai Masikono sadaseke, mayi ameneyu amadziwa kusunga kasitomala. Adasuntha makeke otuwa aja, n'kukweza pepala lapansi. Akuda aja adali pomwepo, akadali otentha.

"Ndikupatseni angati, achemwali?"

"Ndipatseni awiri," adanong'ona Asekilitale akutsegula chikwama. "Ndi ena awiri. Amenewo ndi a mnzanga."