Kupereka Ninja ndi Manja Awiri

Ndikukumbukira fungo lake kuposa china chilichonse, kafungo ka pulasitiki yotentha kochokera kuseri kwa sofa m'nyumba yathu yopanikizana ija ya ku Kings Heath, kuno ku Birmingham. Kunali koyambirira kwa zaka za m'ma 1990, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinali titabwera kuchokera ku Zomba kudzatsatira adadi, amene ankachita maphunziro apamwamba payunivesite. Amami anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Walsall, mabasi awiri popita, awiri pobwera. Ine Chizungu chakuno ndinachitola msanga ngati chimfine, moti pofika Khirisimasi ndinali nditayamba kuwayankha amami m'Chingerezi, iwo n'kumangondiponyera diso lam'mbali. Koma achimwene anga a Yamikani, amene anali ndi zaka khumi ndi zitatu, dziko lino linawakana.

Ku Zomba achimwene anali munthu wapakamwa. Ankatsanzira mayendedwe a ahedi mpaka adadi kutsamwa ndi tiyi. Kuno, sabata yoyamba kusukulu, aphunzitsi atawafunsa funso anaimirira njo, manja kumbuyo, monga tinaphunzitsidwira kwathu. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo anatseka pakamwa, ndipo ndikati kutseka ndikunena kutseka kwenikweni. Kusukulu zii, kunyumba "eya" ndi "ayi" basi. Patapita miyezi kunabwera kalata yakusukulu yodandaula kuti mwanayu salankhula ndi wina aliyense. Tsiku lina ndili pamasitepe ndinamva adadi akuuza amami kukhitchini kuti zikapitirira mpaka kutha kwa teremu, bola kungomubweza akakhale ndi azakhali ku Lilongwe. M'dziko lozizira lino, lodera pa folo koloko, ndikanatsala ndi ndani?

M'nyumbamo munali kamakina ka magemu kamene adadi anagula pakaunjika wa Azungu, uja amagulitsira kumbuyo kwa magalimoto. Kanabwera ndi kaseti imodzi ya mpira, yotopetsa. Ndiye Lachisanu lina achimwene analowa m'nyumba akupuma mwawefuwefu, n'kutulutsa kaseti ina m'thumba la jekete. Mnyamata wina wa m'kalasi mwawo, dzina lake Darren, anawaona akujambula ninja kumapeto kwa kope, n'kuwabwereka kasetiyo mpaka Lolemba. Anawauza kuti m'kalasi monse palibe amene anaimalizapo gemuyo, ndipo akaimaliza adzawafotokozere anzawo mathero ake. Achimwene anandiitana kuti, "Tada, tabwera udzaone chinthu ichi." Mawu asanu athunthu! Ndinawawerenga ndithu.

Anthu inu, gemu imeneyo anaipanga munthu wopanda chisoni. Kaninja kake kanali kakang'ono ngati chala, kovala zakuda, ndi kalupanga kafupi koti mdani uzichita kumuyandikira mpaka kumununkhiza. Ukati udumphe dzenje, mbalame yochokera kosadziwika inkakuwomba uli m'malere, n'kukugwetsera momwemo. Ukapha msilikali n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi, yemwe uja ankadzukanso ali bwinobwino. Panali oponya mipeni, agalu, ndi zipupa zoti uzikwera modumphadumpha uku akukugenda. Ine ndinayesa kamodzi, kaninja kanafa katatu ndisanadziwe n'komwe batani lodumphira. Koma achimwene anali ndi mtima wa munthu wosankha mpunga. Ankafa, n'kuloweza pamene mbalame yatulukira, n'kuyambiranso. Chala chawo chachikulu chinatuluka thuza, anangochikulunga kansanza n'kupitiriza. Ndipo akamamenya nkhondoyo ankalankhula osadziwa: "Iwe galu iwe! Tabwera, tabwera, ndakuona!" Ine ndinkangokhala chete pambali, kuopa kuti ndikaseka adzazindikira n'kusiya.

Vuto linali lakuti makina a nthawi imeneyo sankasunga pamene wafika. Ukazimitsa, zonse zapita, kayambirenso pachipata. Ndiye amami athu anali ndi lamulo limene anachoka nalo ku Zomba, kumene magetsi anabwera mwaukali tsiku lina n'kuwawotchera wailesi yaukwati. Asanagone kapena asanatuluke ankazungulira nyumba yonse kuzimitsa soketi iliyonse, kupatula ya firiji, yomwenso ankaiyang'ana moikayikira. Adadi anayesa kuwauza kuti magetsi akuno sachita zimenezo, koma amami ankangoti magetsi ndi magetsi. Choncho tinasamutsira pulagi ya makinawo pasoketi ina yobisika kuseri kwa sofa. Achimwene ankaimitsa gemu, kuzimitsa TV yokha, n'kuphimba kanyali kofiira ka makinawo ndi kansalu koluka ka amami. Kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu kaninja kaja kanali moyo mobisa m'nyumba mwathu, kuseri kwa sofa kukungotentha.

Lamlungu m'mawa, tisanapite kutchalitchi, achimwene anafika pa chimphona chotsiriza, chinthu chonyansa cha mitu iwiri cholavula moto. Anali atatsala ndi moyo umodzi. Nkhanza ya gemuyo inali yakuti ukafera pamenepo sinkakubwezera pakhomo pa chimphonacho ayi, inkakuponya kumayambiriro kwa gawo lomaliza, lomwe linawadyera achimwene Loweruka lonse. Amami anakuwa kuti basi itisiya. Achimwene anaimitsa gemu n'kuphimba kansalu kaja. Ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse.

Tinali titaiwala kuti Lamlungu limenelo inali nthawi yathu yolandira Amalawi anzathu tikaweruka kutchalitchi. Nyumba inadzaza ndi majekete onyowa, fungo la nkhuku yokazinga, ndi nkhani za ndale zakumudzi zokambidwa motsitsa mawu ngakhale tinali kutali chonchi. Pakati pa alendowo panali ankolo a Gondwe, injiniya wa kufakitale ya magalimoto ku Solihull, munthu wansangala, wamimba yake, amene ankatibweretsera masiwiti nthawi zonse. Iwowa ndiwo anayatsa TV kuti aone zigoli za mpira. M'malo mwa mpira panatuluka chimphona chija chitayasamula, ndi kaninja kataima duu patsogolo pake.

"Aa, kodi ichi ndiye chiyani?" anafunsa ankolo akuseka. "Tabwera nacho kuno mphwanga, ndikuonetse. Ife pa bawo tinkaliza anthu."

Adadi, osadziwa kanthu, anangoti, "Yami, apatse ankolo ako ayese."

Amene munaleredwa ngati ife mukudziwa kuti pamenepo panalibe khomo lotulukira. Mwana sakaniza wamkulu chinthu, makamaka mlendo, makamakanso pamaso pa anthu. Achimwene anatenga chogwirira cha mabatani chosewerera gemuyo, anayenda mowerama kudutsa miyendo ya alendo, anagwada, n'kuchipereka ndi manja awiri, lamanzere litagwira dzanja lamanja, chala chokulunga kansanza chili poyera. Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ka ankolo tsiku limenelo kanali kobuntha. Anadina batani, kaninja kanayenda molunjika kukalowa m'moto ngati kakupita kukawotha, ndipo kanyimbo ka maliro ka m'gemumo kanalira. Sizinatenge nthawi yomwera kapu ya madzi. Anthu anaseka, ankolo anati makinawo ndi obera, nkhani za ndale zinapitirira. Achimwene anati "zikomo," n'kutuluka mwakachetechete kukakhala pamasitepe.

Ine ndiye zinandikwana. Ndinaimirira pakati pa anthu n'kukuwa m'Chichewa chimene ndinali nditachinyanyala miyezi yonseyo: "Mwamupha! Masiku atatu onse, inu mwangomupha!" Amami anandinyamula ndi khutu mpaka kukhitchini, ndipo ndinkadziwa kuti lero ndiona zakuda. Koma poti ndinali nditayamba kale kulira, ndinangokhuthula zonse: za Darren, za Lolemba, za soketi yakuseri kwa sofa, zoti achimwene amalankhula akamasewera, ndiponso zoti ndinamva nkhani ya ku Lilongwe. Amami anasiya khutu langa. Anafunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Amalankhula?" Nditagwedeza mutu, anandituma kuti ndikapepese kwa ankolo, mogwada. Mwambo sunafe tsiku limenelo ayi.

Alendo atabalalika, amami anayamba ulendo wawo wozimitsa masoketi. Tinawaona akukankha sofa, akugwira pulagi ija n'kubweza dzanja msanga chifukwa cha kutentha. Achimwene anangoweramitsa mutu. Amami anapita kukatenga chikwama chawo chakuntchito, anatulutsamo pulasitala womata pabala, anadula ndi mano, n'kumata siwichi ya soketiyo kuti wina asaizimitse. Anawonjezera wina mopingasa. Kenako anauza adadi kuti pasapezeke munthu wokhudza pamenepo.

Lolemba m'mawa amami anasinthana shifiti ndi mnzawo. Anakazinga mandasi, anawaika m'kontena, anaikulunga m'chitenje, n'kulamula achimwene kuti atitsogolere kwa Darren tisanapite kusukulu. Kwa iwo kupempha kuti chinthu chobwereka chigonereko inali nkhani ya akuluakulu, yosatumira ana. Mayi ake a Darren anatsegula chitseko ali m'gauni yogonera, ndudu kumanja. Amami anapinda mawondo pang'ono, n'kuyamba kufunsa mmene adzukira, mmene adzukira bambo akunyumba, ana, ndi agogo ngati alipo. Mayi uja ankaganiza kuti mwina ndife a mpingo. Atayankha, Chizungu chake cha ku Birmingham chinali chothamanga moti amami, ndi satifiketi yawo yonse ya unamwino, sanatolepo kanthu. Iwo ankanena zawo, mayi uja zake, mandasi ali pakati akuzizira.

Achimwene manyazi anawakwana mpaka anaiwala mantha. Analowerera, m'Chingerezi chawo chomwe chija chimene anachibisa miyezi yonse, kufotokoza kuti anafika pa chimphona cha mitu iwiri ndipo akungopempha masiku ochepa. Darren anatulukira kumbuyo kwa mayi ake, tositi ili kukamwa, maso ali tong'o. Sanakhulupirire kuti kuli chimphona cha mitu iwiri, chifukwa iye sanadutsepo pamlatho wa mbalame. Anayamba kufunsana mafunso pakhomo pomwepo, ndipo anapitiriza msewu wonse mpaka pageti pasukulu, ife tikutsatira m'mbuyo. Amami dzanja langa analifinya mpaka kupweteka.

Darren anatipatsa mpaka Lachisanu. Lachitatu Darren anabwera kwathu ndi anzake awiri, ndipo amami anawavulitsa nsapato pakhomo n'kuwasambitsa m'manja asanawapatse chakudya. Lachinayi madzulo, mvula ikuwaza pawindo, achimwene anapeza chinsinsi chake: osathamangira kumenya, kudikira mutu wakumanzere ulavule kaye moto, kudumphira pakhoma, n'kubaya kawiri kokha. Chimphona chinaphulika pang'onopang'ono, anyamata aja akudumpha pasofa. Amami, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi yunifolomu yawo, anaimba nthungululu yoti aneba anagogoda khoma. Mathero enieniwo anali achabechabe, kaninja kataima paphiri ndi mayina a anthu a ku Japan akukwera m'mwamba. Koma mawa lake achimwene anakawafotokoza kusukulu ngati filimu ya maola atatu, akutsanzira ndi kafedwe ka ankolo komwe. Za ku Lilongwe sitinazimvenso. Ankolo a Gondwe mpaka lero amanena kuti chimphonacho anayamba kuchifooketsa ndi iwo.

Masiku ano magemu amasunga okha pamene wafika, ndipo ana anga akafa amangodzukira pomwepo ngati palibe chachitika. Mlendo akawapempha kuti ayeseko, amayankha osatembenuka n'komwe kuti adikire kaye. Ine ndimakalipa, inde, koma pansi pamtima sindidziwa ngati ndikufuna kuti adzagwade ngati mmene anagwadira achimwene tsiku lija, chifukwa zinandipweteka ndipo zimandipwetekabe. Achimwene pano ndi mphunzitsi ku Walsall, amalankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo akuti mwana wachete m'kalasi amayamba kumuyang'ana kumapeto kwa kope.

Amami anakalamba, amakhala ndi ine. Lamulo lawo lija silinasinthe, madzulo alionse amazungulira nyumba ndi ndodo yawo kuzimitsa masoketi, ndipo intaneti yathu imafa tsiku ndi tsiku. Koma akafika pamakina a adzukulu awo amaima, chala chili m'malere, n'kuitana kaye kuti, "Inu, muli munthu umu?"