Mtanda Wofiira Pansi pa Laimu

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anagwira dzanja langa Lachiwiri lapitali, ndisanasayine pepala limene likanandisiya pamtetete. Ulemu ukhale kwa Iye yekha. Koma kuthokozako sikunditseka pakamwa. Zimene anandichita ejenti wina wogulitsa nyumba cha ku Nsaru ndizinena zonse, chifukwa mawa adzakhala inu.

Kwa amene simundidziwa, ndakhala pachikamwini zaka 31 kumudzi kwa akazi anga, a Naphiri, kufupi ndi Kabudula. Anatisiya chaka chatha. Mu Ogasiti abale awo anandisudzula. Alamu anga sanandithamangitse, ayi. Anangoti, "Alamu, mwana wa mng'ono wa malemu akukwatiwa, ndiye nyumba ija ifunika mvula isanagwe." Wamkulu sauzidwa kawiri. Ana anga ali kutali, wina ku Joni, wina ku Mzuzu. Kumene ndinabadwira kunatsala manda okhaokha. Ndinagulitsa ng'ombe zanga zinayi ndi ngolo kuti ndipeze pofera.

Pafoni ejentiyo anati nyumba ilipo. Zipinda zitatu, njerwa zootcha, malata, m'mphepete mwa msewu. Mamiliyoni anayi ndi theka. Anati ndifike pa ofesi yake 8 koloko m'mawa.

Ndinafika 7:45. Chitseko chotseka. Ndinakhala pakhonde ndekha mpaka 9:40. Iye anatulukira akutafuna chimanga chootcha, osapepesa n'komwe. Mawu ake oyamba anali akuti yoonera nyumba ndi K20,000. Ndinapereka. Nditafunsa lisiti, akuti buku la malisiti latha. Ofesi yogulitsa nyumba za mamiliyoni, koma pepala limodzi kulibe?

Ataona buku la nyimbo m'thumba la jekete yanga, anayamba kunditchula kuti abusa. Ndinamuuza kuti sindine m'busa, ndimangoimba belu kutchalitchi kwathu. Iye anati, "Aaa, abusa, kudzichepetsa kumeneko ndiye kwa anthu a Mulungu." Kuyambira pamenepo, mawu alionse ankathera ku aleluya.

Tinakwera njinga zamoto ziwiri. Zonse ndinalipira ine.

Nyumbayo inali mbee ngati chovala cha ubatizo. Koma khoma lakumaso lokha. M'mbali ndi kumbuyo, njerwa zili pamtunda. Akuti laimu anatha, amaliza sabata yamawa.

Titalowa, ndinagogoda phaso ndi ndodo yanga. Dothi linangoti waa pamutu panga. Chiswe. Akuti chimenecho ndi chakale, chinasamuka. Chinasamukira kuti, a ejenti? Chinakutsanzikani? Kuchipinda kunali mng'alu woti dzanja n'kulowa, atautseka ndi mapepala a matumba a simenti. Akuti mpweya umalowera pamenepo, nthawi yotentha ndidzayamika.

Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: zonsezi ndinazivomera mumtima. Munthu wotsala yekha safuna zambiri. Ndinali nditasankha kale pakona poika makina osokera a malemu. Ejentiyo anatulutsa pepala ndi cholembera. Akuti ndisayine ndi kupereka theka tsiku lomwelo, chifukwa 2 koloko kukubwera bwana wina wa m'tauni ndi ndalama m'manja.

Ndinatuluka panja kuti ndipemphere pang'ono. Ndinalibe woti ndimufunse nzeru. Kale zoterezi tinkapita awiri. A Naphiri sankagula poto osamugogoda, sankagula nsalu osainyowetsa pakona kuti aone ngati isuluka. Ankati, "Bambo, chowala kwambiri muzichikanda." Ndinkawaseka pamsika kuti akundichititsa manyazi.

Ndinakanda khoma loyera lija ndi chikhadabo.

Panatuluka kufiira.

Ndinathirapo madzi a m'botolo langa n'kupukuta ndi mpango. Laimu anasungunuka. Pansi pake panali mizere iwiri ya penti yofiira, yopingasana, yaitali ngati mkono wanga.

Ejentiyo atatuluka n'kuona, sanaphethire n'komwe. Anaseka n'kuti, "Abusa, inuyo osauzindikira mtanda? Eni nyumba ino ndi anthu opemphera. Anaitana gulu la mapemphero, anadzoza khoma kuti mfiti zizilambalala. Nyumba yotetezedwa kale imeneyi. Aleluya!"

Abale, musandiseke. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Ndinakumbukira magazi a mwana wa nkhosa aja anapakidwa pamakomo kuti wowononga apitirire, ndipo misozi inalengeza. Ndinati kapena Ambuye andikonzera malo. Munthu uja anaona pamene pali chilonda changa n'kupondapo.

Koma mtanda wa Mbuye wanga umaima chilili. Uwu unali wopendekeka, ngati uja amalemba aphunzitsi ukalakwa samu. Nditapukutanso m'munsi, panatuluka nambala: 47.

Ndinafunsa kuti nanga iyi?

Akuti ndi vesi.

Vesi ya buku liti, a ejenti? Mutu wanji? Ndawerenga Mawu kuyambira ndili mnyamata, sindinaonepo vesi yoyenda yokha yopanda mutu.

Tsidya la msewu panali mayi wina wogulitsa tomato, amene ankationerera nthawi yonseyi. Anakuwa kuti, "Bambo inu! Mwabwera kudzagula nyumba kapena kudzatola njerwa?"

Ndinawoloka. Mayiyo anandilozera mzere wonse wa nyumba za mbali imeneyo. Iyi 45. Iyo 46. Inayo 48. Zonse zili ndi chizindikiro chofiira chomwecho, poyera. Anati anthu oyeza msewu ndiwo analemba, msewu ukukuzidwa, nyumba zonsezo zigwetsedwa. Mwini wa 47 analandira kale chipukuta misozi, anasamukira ku Msundwe. "Inu ndinu wachitatu mwezi uno," anatero. "Laimuyo amapaka m'mawa uliwonse kukamabwera munthu."

Ejenti uja anakalipa kuti, "Mayi, gulitsani tomato wanu!"

Mayiyo anati, "Wanga ndimagulitsa wosapaka laimu, achimwene."

Ndinayembekeza kuti munthuyo achita manyazi. Ayi ndithu. Aleluya yense anathera pomwepo, ubusa wanga unathanso, ndinasanduka madala. Akuti za misewu zimachedwa, ndikhoza kukhalamo zaka ziwiri mwinanso zitatu. Kenako ananena mawu amene akundiwawabe mpaka lero: "Komanso pa msinkhu wanuwu, madala, zaka ziwiri si zokwana?"

Ndiye kuti munandiwerengera kale masiku anga? Inu ndi amene mumasunga buku la moyo? Munaona nkhalamba yobwera yokha, yopanda mwana pambali, yopanda mkazi, n'kuti uyu ngakhale thirakitala imupeze ali m'tulo palibe adzafunse?

Nditati andibwezere K20,000 yanga, akuti ndalamayo inali yoonera, ndipo nyumba ndaiona, eti? Nthawi ili 11:25 anakwera njinga n'kundisiya pamsewu. Bwana wa m'tauni uja ndinamudikira dala mpaka 3 koloko. Sanabwere.

Pamene ndinkadikirapo ndinabwereka beseni kwa mayi aja. Ndinatsuka khoma lonse lakumaso mpaka chizindikiro chija chinaonekera kutali. Ejentiyo akapakanso, mayiwo akuti madzi ali nawo.

Nditafika kunyumba ndinatsegula chitseko n'kuyamba kunena kuti, "Naphiri, mukanaona lero..." Ndinalekera pomwepo. Munali makina osokera okha, nditawamanga kale m'chiguduli kudikira ulendo.

Tsono a ejenti, ndikudziwa kuti mumawerenga pano. Dzina lanu sinditchula, Mulungu akulidziwa. Ndiyankheni. Awiri aja anabwera ine ndisanabwere, munawabwezera zawo? Laimu mumagula ndi ndalama ya yani? Nanga dzina la Ambuye mumaliyesa laimu, lopakira pamene pali chinyengo? Za manda opaka njereza munazimvapo? Ndakukhululukirani chifukwa ndinalamulidwa kutero, koma kukhululuka si kubisa.

Kwa inu nonse a ku Nsaru, Kabudula, Namitete ndi kwina: musagule nyumba ya m'mphepete mwa msewu musanafunse oyandikana nayo. Pitani ndi botolo la madzi. Wina akayamba kukutchulani abusa musanabatize ngakhale munthu mmodzi, gwirani thumba lanu. Ndipo ngati muli ndi kholo lotsala lokha, musalilole kupita lokha kukaona nyumba.

Ine ndatsala ndi masabata atatu. Mitambo yayamba kusonkhana chakumadzulo, ndipo pogona sindinapapeze. Koma kupatula K20,000 ija ndi ya njinga, ndalama za ng'ombe zanga zilipo zonse, chifukwa cha chikhadabo chimodzi ndi mawu a akazi anga amene anagona.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni denga losadontha ndi munthu womuuza zimene mwaona mukabwera kuulendo. Ndipo chizindikiro chokhala pakhomo panu chikhale chake cha Iye, chimene wowononga akachiona amapitirira. Ameni.