Timiyala ta m'ndulu ya Ama

Ama akhala ndi zilonda za m'matumbo aakulu kuyambira ndili Sitandade 4. Nthendayi imapita n'kubwera, ndipo ikabwera amatsegula m'mimba mwa magazi. Tinaizolowera kwambiri moti ululu uliwonse wa Ama tinkangoti "ndi zomwe zija."

Ndili Fomu 2 kunabwera ululu wina. Unkawagwira kumanja, kunsi kwa nthiti, n'kukwera mpaka paphewa. Iwo ankangomwa mapiritsi awo akale, n'kubwerera kukakazinga batala, nsomba yamafuta ija, yogulitsa pamsika wa Chintheche.

Ine ndinali ndi kope lolembamo za tsiku ndi tsiku, zambiri zopanda pake. Loweruka lina ndikuwerenga masamba akale, ndinaona chinthu. Paliponse pamene ndinalemba kuti "Ama abuula," pamwamba pake panali pakuti tadya batala wotsala kumsika. Za kutsegula m'mimba panalibe.

"Ama, izi si zomwe zija."

"Udokotala wauyamba liti, iwe wolephera ndi kuviika chinangwa komwe?"

Ndinawaumiriza sabata yathunthu kuti tipite kuchipatala. Anavomera, ati kuti nditseke pakamwa. Titalowa kwa adokotala, Ama anayamba okha kunena kuti ndi matumbo basi, angowapatsa mankhwala a masiku onse. Ine ndinaika kope langa pamwamba pa buku lawo la kuchipatala. Adokotala anawerenga masamba atatu, kenako anawadina kunsi kwa nthiti. Ama anadzambatuka. Adokotalawo anatitumiza kukajambulitsa.

M'ndulu anapezamo timiyala. Adokotala anati timabweretsa ululu munthu akadya zamafuta, komanso anthu a nthenda ya Ama amakhala nato kawirikawiri kuposa ena, ndipo nduluyo iyenera kuchotsedwa isanatupe.

"Adokotala, ine ndulu ndimachotsa tsiku lililonse," anatero Ama, "koma nsombayo imakhala itafa kale."

"Inu si batala, mayi. Mudzadzuka."

Opaleshoni inachitikira ku Mzuzu, ndipo anadzukadi. Anabwera kunyumba ndi timiyalato m'kabotolo. Matumbo akadali ndi masiku ake, koma ululu wa kunthiti sunabwerenso.

Amayi a mpingo wathu wa ku Bandawe atabwera kudzawazonda, kabotolo kanazungulira m'manja mwa onse. Mmodzi anayamikira makina ojambulira.

"Makina anachedwa," anatero Ama, akundiloza ndi chibwano. "Anayamba kuona timiyalati ndi uyu."

Masiku ano akangomva kenakake m'thupi amandiitana: "Iwe, tenga kope lija."