Uthenga wa Oyilo Umene Ndinkanyamula

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapatsidwa ntchito yanga yoyamba, ndipo ntchitoyo inali yoyeza oyilo m'galimoto ya bambo. Tinkakhala mu komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Karoi, tauni ya kumpoto chakumadzulo kwa Harare, m'nyumba za njerwa zimene makolo athu anatsalamo pulaziyo itagawidwa m'mapuloti. Bambo, amene kale ankayendetsa lole ya papulazipo, anali atagula kapikiapu kakale ka dizilo, kamene chitseko chake chakumanzere chinali chomangira waya. Kagalimoto kameneka ndiko kankatidyetsa. Kankanyamula mabelo a fodya a eni mapuloti, feteleza, nkhuni za kumabalani, odwala, ndipo nthawi zina maliro.

M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, bambo ankatsegula boneti, ine n'kukwera pa njerwa, n'kusolola kachitsulo katali koyezera oyilo. Ndinkakapukuta ndi kansanza, n'kukabwezera, n'kukasololanso. Fungo la nthawi imeneyo ndimalimvabe mpaka lero: dizilo wozizira, mame, ndi utsi wa fodya amene akuuma m'mabalani.

"Wafika pamzere?" bambo ankafunsa akumanga nsapato.

"Watsala pang'ono."

"Thira kapu imodzi, Tamanda. Usataye."

Kwa bambo, kusamala galimoto kunkathera pamenepo, ndipo sikunali kunyalanyaza. Papulazi paja ntchito zinali zogawana. Dalaivala ankayeza ndi kuwonjezera basi. Kukhuthula oyilo wakale inali ntchito ya anthu a ku wekishopu, ndipo ankaichita Loweruka masana, madalaivala atapita ku mpira. Choncho bambo anayendetsa lole zaka zambiri osaonapo oyilo akutuluka kunsi kwa injini. Kapikiapu kathu kankadonthetsa timadontho pamene kagona, ndiye iwo ankati popeza wakale akutuluka yekha ndipo watsopano akulowa tsiku ndi tsiku, oyiloyo akudzisintha yekha. Mita yowerenga makilomita inali itafa kalekale, moti panalibe chowakumbutsa.

Munthu amene ankakhuthula oyilo Loweruka lija anali bambo a mayi anga, a Mbewe. Ife adzukulu tinkawatchula kuti Asekuru, monga amachitira anzathu Achishona. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo anakalambira mu wekishopu mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Ine ankanditchula mkazi wawo wamng'ono, ndipo ankakonda kundiopseza kuti akandisiya chifukwa tiyi wanga anali ngati madzi otsukira makapu.

Nyumba yawo inali yachitatu kuchokera pa yathu, koma iwo ndi bambo sindinawaonepo atakhala pa benchi imodzi. Bambo anali mkamwini. Akakumana panjira, bambo ankavula kapusi, kupatuka, kunjuta ndi kuwomba m'manja maso ali pansi. Moni wawo unali wautali ndi wokoma, koma nkhani yeniyeni sinkadutsa pakati pawo. Inkadutsira mwa ine.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, Asekuru anandiitana ndikuchokera ku galimoto.

"Mkazi wanga, tabwera nako kansanzako."

Anakatikita ndi zala ziwiri, n'kukanunkhiza, kenako anagwira dzanja langa n'kupaka zakudazo pachala.

"Ukumva chiyani?"

"Muli timchenga," ndinatero. "Ndipo akumata."

Anayang'ana kumene kunali galimoto. Kenako anati, "Kawauze bambo ako kuti mwina tsiku lina akadzapeza mpata, galimoto ija ingakondwe atayichotsako zakale zam'mimba. Koma usakanene ngati ndikulamula. Ukanene kuti timangocheza."

Ndinali mwana wonyadira kukumbukira, ndipo ndinakafikitsa mawuwo ndendende. Bambo anamvetsera atavula kapusi ngati kuti Asekuru ali pomwepo.

"Kawauze kuti zikomo kwambiri, ndamva, ndipo oyilo ali pamzere." Nditatembenuka ndinawamva akung'ung'udza, "Injini ya dizilo imadetsa oyilo tsiku lomwelo. Imeneyonso ndi nkhani?"

Uthengawo unayenda choncho nyengo yonse yozizira, kupita ndi kubwera, nthawi zonse utavala ulemu wambiri moti sunkaluma. Mayi anatopa nazo.

"Anthu awiri inu mumuthera nsapato mwanayu," anatero tsiku lina. "Bambo a Tamanda, akuti musinthe oyilo. Nkhani yake ndi yomweyo."

"Kodi galimoto yakana kulira?"

"Ayi."

"Nanga?"

Mayi anapita kwa bambo awo kukawapempha kuti alankhule okha. Asekuru anakana. "Galimoto ndi ya mwini wake. Ine ndinamupatsa mwana, sindinamupatse malamulo."

Chaka chomwecho Asekuru anakonza zopita ku Dedza. Chichokereni anali asanabwerereko, ndipo kunali kutatsala mlongo wawo mmodzi, amene anatumiza mawu akuti afulumire akali moyo. Okha sakanatha kuyenda chifukwa cha maso. Mwayi unali wakuti mnzawo wa papulazi ina, a Nkhoma, ankapita komweko, ndipo anapangana kukumana pa Karoi kuti akwere basi ya m'mawa ya ku Harare, imene inkakapeza ya ku Malawi tsiku lomwelo. Kuphonya basi imeneyo kunali kuphonya ulendo wonse. Sabata yomaliza pakhomo pawo sipankatha anthu. A kutchalitchi anabwera kudzapemphera, akuluakulu anzawo a gule anabwera kudzanong'oneza mauthenga a kumudzi. Asekuru analongedza okha chikwama chachikulu chamizeremizere, ndipo sanalole munthu kuchitsegula. Chinkalemera modabwitsa.

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, mwezi wa Okutobala, kutayamba kale kutentha. Mayi anakwera kumbuyo ndi chikwama. Ine anandiika kutsogolo, pakati pa bambo ndi Asekuru, amene anali atavala suti yawo ya bulauni yonunkha mankhwala a njenjete. Fumbi linkalowera pachitseko cha waya chija n'kumatikhala m'mano.

Titadutsa damu n'kuyamba kukwera chitunda, kagetsi kofiira kanayamba kuphethira kutsogolo kwa chiwongolero. Kenako ndinamva kaphokoso kachilendo, ngati munthu akugogoda mphika ndi supuni. Bambo anavula kapusi n'kuikoleka pomwe panali kagetsiko.

"Tamanda," anatero Asekuru motsitsa, "afunse bambo ako ngati akumva zimene ndikumva ine."

Ndinafunsa, ngakhale kuti mapewa awo onse anali kundikhudza.

"Auze kuti ndi kawaya chabe. Tatsala pang'ono kufika pa msewu wa tara, basi tiipeza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndibweze yankho, koma kugogoda kuja kunakula. Apo Asekuru anatembenuka, n'kulankhula modutsa pamwamba pa mutu wanga.

"Phiri! Zimitsa injini. Pompano!"

Sananene kuti a Phiri. Sananene kuti zimitsani. Dzanja la bambo linapita lokha pa kiyi, galimoto n'kuima. Kunangotsala kulira kwa nyenje m'mitengo ndi chitsulo chotentha chikuthetheka. 

Bambo anatsika, natsegula boneti, nasolola kachitsulo kaja okha. "Ali pamzere, bambo," anatero.

"Ali pamzere, inde. Koma sakuyenda. Wasanduka phala, ndipo injini ikudzidya yokha."

"Ndiyendetsa pang'onopang'ono mpaka pa Karoi. Kapena ndithamange ku tara ndikaimitse lole, inu mukwere. A Nkhoma akudikira."

"Mukaliza galimoto iyi chonchi, mukafika nayo ili mtembo. Ndipo ine ndikakwera lole, sampu ya kunsi kwa injiniyi atsegula ndani? Inu?" Anayang'ana kwa ine, kenako kwa mayi. "Ana awa adzadya chiyani? Nambewe, tsitsa chikwamacho."

Mayi anatsitsa. Pansi pa bulangete latsopano limene anagulira mlongo wawo panali chigubu cha oyilo chosatsegula, ndi fyuluta yosefera oyilo yokulungidwa m'malaya.

"Bambo!" anatero mayi. "Izi mumapita nazo ku Dedza?"

"Ndimati ndiwapatsire pawindo basi ikamanyamuka. Munthu akalandira mphatso wopereka akuchoka, sachita manyazi."

Bambo analandira chigubucho ndi manja awiri. Asekuru anavula jekete n'kundipatsa, anayala saka pansi, ndipo analowa kunsi kwa galimoto chagada ngati mnyamata. Patapita kanthawi anaitana, "Nanga mwaimiranji? Maso anga sakuona mabawuti. Lowani." Bambo analowa, n'kugona pambali pawo phewa ndi phewa.

Ine ndinagwada ndi beseni limene mayi ankati akagulire tomato ku Karoi. Oyilo sanatuluke mothamanga monga ndinkayembekezera. Anabwera mwaulesi, wakuda bii, ndi zibuma zimene zinkagwa ngati matope. Atachotsa sampu, chitsulo chakunsi chimene oyilo amakhalamo, Asekuru anandionetsa kasefa kamene oyilo amadutsamo pokwera mu injini. Kanali katatsekeka ngati kasefa ka tiyi kamene sikanatsukidwepo. Mayi anapopa dizilo mu thanki ndi kapaipi, akulavula ndi kutukwana, ndipo tinatsuka zonse ndi kansanza kanga kaja.

Ndinkamva mawu awo kunsiko, pakati pa kulira kwa sipanala.

"Kuthira pamwamba si kusintha, a Phiri. Fumbi la misewu yathu ino likalowa silituluka ndi timadontho. Ndi katundu amene mumaisenzetsa, musamapitirire makilomita zikwi zisanu."

"Mita inafa, bambo."

"Ndiye werengani ndi fodya. Pookera mbande, sinthani. Mukamaliza kututa mabelo kupita kumsika, sinthaninso, ndi fyuluta yomwe. Chaka chimene mwayenda kwambiri, onjezerani ulendo wachitatu. Ndipo muzimva ndi zala, osangoona mzere."

"Zaka zonse zija papulazi, palibe anandiuzapo."

"Akanakuuzani ndani? Loweruka inu munali ku mpira mukuphonya zigoli, ine ndili pansi pa lole yanu."

Bambo anaseka mpaka kugunda mutu ku chitsulo, Asekuru n'kusekanso. Kanali koyamba kuwamva akuseka pamodzi. Mayi anatembenukira kutchire, akupukuta m'maso ndi chitenje.

Pamene tinkathira oyilo watsopano, wooneka ngati uchi, dzuwa linali litapendeka. Injini inalira, kagetsi kaja kanayaka kamphindi n'kuzima, ndipo kugogoda kunatha. Asekuru anaika khutu pafupi nthawi yaitali, kenako anati, "Yapulumuka. Pang'ono pokha."

Tinapitabe ku Karoi, ngakhale tonse tinkadziwa kuti basi yapita kale. Mayi wina wogulitsa nthochi pa siteji anati panali mdala wa chipewa amene anakangana ndi kondakitala kuti adikire, koma mapeto ake anakwera. Tinadziwa kuti anali a Nkhoma. Bambo anagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona. Asekuru anawadzutsa.

"Dzukani, mukundichititsa manyazi. Dedza ndi phiri, silisamuka. Ndidzapita chaka chamawa, ndipo mudzandiperekeza ndinu." Kenako anandigulira banzi ndi chakumwa chozizira, akuti chifukwa mkazi wawo wagwira beseni bwino kuposa mmene amaphikira tiyi.

Chaka chamawacho sanachione. Anadwala chifuwa mvula ili pakati, ndipo anatisiya fodya asanayambe kuthyoledwa. Kapikiapu komweko ndiko kananyamula bokosi lawo kupita kumanda a kuseri kwa mitengo ya bulugamu, injini ikulira mosalala ngati ikudziwa amene yanyamula. Bulangete lija anakalipereka ndi a Nkhoma pa ulendo wawo wotsatira, ndipo anabwera ndi mawu akuti mlongo wawo analifunda.

Pano ndili Fomu 4. Galimoto ija ikadali moyo, ndipo ndi imene imandipititsa kusukulu teremu ikamayamba, ndi thiranki yanga kumbuyo pamalo pa mabelo. Ndikakhoza bwino ndikufuna kudzaphunzira za mainjini. Anzanga amaseka, koma ine zala zanga zinaphunzira kale kumva timchenga.

Nthawi zina ndikamalemba m'kabuku kanga za tsikulo, ndimadzifunsa ngati Asekuru akanaona kwawo akanalankhula msanga, kapena bambo akanamva msanga. Sindiimba mlandu aliyense. Onse awiri ankalemekezana moona, ndipo ine ndinkanyamula ulemuwo mokhulupirika. Koma ndazindikira kuti mawu onse okoma amene ndinayenda nawo nyengo yozizira ija anali ngati kapu ya oyilo ya m'mawa: ankasunga zinthu pamzere, pamene kunsi kukuuma. Mawu achikondi kwambiri amene Asekuru anauzapo bambo anali amwano aja, ndipo anawalipira ndi ulendo wa kwawo.

Mbande zikayamba kuokeredwa, bambo safuna kukumbutsidwa. Amayala saka, n'kundiitana ndi beseni. Akamasula bawuti amakuwa kunsiko, potsanzira mawu a nkhalamba, "Phiri! Zimitsa injini!" Amaseka okha, kenako amakhala chete nthawi yaitali kuposa imene oyilo amatenga kuti atuluke. Ine ndimangogwira beseni, osasuzumira.