Grau 1 pa Pepala la Amayi

Ndikukumbukira tsiku lina m'mwezi wa Juni kwathu ku Chiuaula, chisanu chikuluma zala, chifunga chitakana kuchoka m'mitengo ya paini. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pakhomo pathu ndine ndekha ndinkawerenga Chipwitikizi. Kalata iliyonse inkadzera m'manja mwanga, moti ndinkadzimva ngati mlembi wa boma.

Miyezi itatu m'mbuyomo, madotolo anadula kanyama pa chotupa cha m'bere la amayi n'kukatumiza ku Nampula. Tsikulo amayi anabwera kuchokera kuchipatala ndi envulopu ya khaki. Dotolo sanam'peze, anangouzidwa kuti akabwerenso Lachisanu. Anakhala pakhonde atafunda nsalu ziwiri za kapulana, n'kundipatsa pepalalo.

Mawu ake anali ataliatali, osamveka. Koma m'munsi ndinaona aafupi: grau 1. Kusukulu nota, malikisi a mayeso, zinkathera pa vinte, ndiye kuti 20, ndipo wopeza imodzi ankalira njira yonse yopita kwawo. Ndinatsimikiza kuti amayi alephera mayeso, akufa.

"Akuti sanamalize kupima," ndinanama.

"Basi, ngati sanamalize, ine ndikakumbe mbatatesi," anatero amayi. Bambo anali kale kumunda ku Chimbonila, ndipo amayi akapita kumeneko sankabwerako msanga.

Lachisanu m'mawa ndinawasenzera mtolo mpaka pokwerera chapa, minibasi ya kwathu. Galimoto inali ikulira kale, utsi wa dizilo ukununkha, amayi atakweza mwendo umodzi, pamene ndinawagwira kapulana n'kuulula zonse, mamina ali chuchuchu. Ndinkayembekezera kuwombedwa khofi. Iwo anatsitsa mwendo, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Udotolo unauyamba liti iwe? Senza mtolowo, tiye."

Dotolo wake anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao. Atamva za nota zanga anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anatembenuza pepala lomwelo n'kujambula timizere tozungulira. Anati kanyama kaja amakayang'ana pa makina okuza zinthu, kuti aone maselo a chotupacho. Akakhala kuti akufananabe ndi maselo abwino a bere, ndipo sakuswana mothamanga, amalemba 1. Akasokonekera maonekedwe n'kumaswana mofulumira, amalemba 3. Pakati pali 2.

Sanatinyengerere. Anati khansa ndi khansa ndithu, ndipo grau sinena kumene matenda afika m'thupi, limenelo ndi funso lina lofunika kupima kwake. Koma nambalayo imawathandiza kudziwa khalidwe la chotupa ndi kusankha chithandizo. Cha amayi chinali choyenda pang'onopang'ono, ndipo kuchichotsa msanga kunali kuchipambana.

Amayi anangofunsa chinthu chimodzi: tsiku la opaleshoni. Mbatatesi anakumba bambo ndi achimwene awo, ndipo mpaka lero amadandaula msana. Amayi anachotsedwa bere lakumanzere, anamwa mapiritsi zaka zingapo, ndipo mdzukulu wawo woyamba anam'bereka kumbuyo okha.

Masiku ano zinthu zasintha. Mawu oti khansa, amene kale ankanong'onedwa ngati dzina la mfiti, akazi amawatchula poyera pamsika. Achinyamata amajambula pepala la kuchipatala pa foni, n'kufufuza tanthauzo lake asanafike n'komwe kunyumba, ndipo ena amadziopseza okha kuposa mmene ziyenera kukhalira. Amayi akalamba tsopano, koma akamva kuti mkazi wina m'dera mwathu wapeza chotupa ndipo akuchibisa, amavala nsapato. Amakafika pakhomopo, n'kumuitanira m'nyumba, n'kumasula bulauzi kumuonetsa chipsera. Nthawi zambiri m'mawa mwake mumawaona awiriwo panjira ya kuchipatala, amayi ali patsogolo.